Deti la Kuseri kwa Chithunzi cha Alufeyo

Chimene chinamangitsa Alufeyo Falesi sichinali mpeni, sichinali magazi pa malaya, ndipo panalibe mboni yoona ndi maso. Chinali chithunzi chimodzi chotsukidwa bwino, iye ali chilili m'malaya oyera, akumwetulira mano onse pamtunda, dzanja lili pa handulo ya njinga ya munthu wakufa.

Njingayo inali ya Goliati Kalinde, wa kabaza wa pa Njuli. Goliati anapezeka m'ngalande m'mawa wa Lolemba pa 14 Epulo 2008, mutu utaphwanyidwa ndi mwala, njinga itapita. Patatha sabata, mkazi wake Idesi akudutsa pa kanyumba ka wojambula zithunzi, anaona pa bolodi khushoni yofiira imene anasoka yekha. Anazula chithunzicho n'kuthamangira nacho kupolisi ku Boma. Kuseri kwake kunali zilembo zotuwa za makina: 16 APR 2008.

Wapolisi wofufuza milandu, Pius Tikhala, sanawononge nthawi ndi kuganiza. Mwini njinga waphedwa pa 14, mnzathuyu akujambulitsa nayo pa 16. Nanga pamenepo pakufunikanso kukaombeza? Alufeyo analira, analumbira pa mwana wake. Anati njinga anachita kubwereka kwa mwini wake mu Febuluwale, mvula ili mkati, kuti atumize chithunzi kwa amayi ake ku Milanje, amene anamva mphekesera yoti mwana wawo anatha ndi matenda. Ankafuna aone kuti ananenepanso ndipo akugwira ntchito. Pius anamuyankha mawu awiri okha, amene tsikulo anamukomera m'kamwa ngati uchi.

"Chithunzi sichinama."

Tsopano unali Novembala, ndipo Alufeyo anali akutha mwezi wachisanu ndi chiwiri pa rimandi, kundende ya mumzinda. Mkazi wake Nester ankapita kukamuona Lamulungu lililonse, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera ku Boma n'kukhala pa benchi ya pakhomo pa ofesi ya Pius. Anasiya kale kukangana. Ankangonena zimene waona: kuti amuna ake akutsokomola, kuti mankhwala awo otalikitsa moyo akumwera m'mimba mopanda kanthu, kuti lamba anabowolanso malo awiri. Akatha ankafunsa funso lake lomwelija, Pius n'kumuyankha yankho lake lomwelija, mayiyo n'kumapita.

Lachisanu la pa 7 Novembala Pius anafika ku ofesi ali ndi envulopu ya zithunzi za ukwati wa mwana wake Angella. Ukwatiwo unachitikira ku Namadzi Loweruka pa 25 Okutobala, ndipo bamboyo anavina mpaka bondo kutupa. Anasankha chimodzi choti atumize kwa alongo ake, nachitembenuza kuti alembe moni kuseri.

6 NOV 2008.

Anatembenuza chachiwiri. Chachitatu. Zonse zinali 6 NOV 2008, tsiku limene mkamwini wake anakatsukitsa zithunzizo ku Limbe. Pa 6 Novembala panalibe ukwati uliwonse, Pius anali muofesi muno akulemba za mbuzi zobedwa.

Anatsegula kabati, natulutsa chithunzi cha Alufeyo, nachiika pambali pa cha Angella. Zilembo zake zinali zofanana ndendende, zotuwa, zopendekera mbali imodzi. Munthu wamkulu, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa ntchito, anali atawerenga tsiku lotsukira chithunzi n'kulitenga ngati tsiku lojambula.

Analowetsa zithunzi ziwirizo m'thumba la jekete n'kutuluka. Nester anaimirira pa benchi paja, atafumbata chitenje pachifuwa.

"Bwana, pali chatsopano?"

Manyazi ndi chinthu choipa. Pius anayang'ana nkhope ya mayiyo, naganiza zoti anene kuti mwina analakwitsa. Koma anadziuza kuti si bwino kumupatsa munthu chiyembekezo usanatsimikize. Zinamveka zanzeru ndithu.

"Palibe chatsopano, mayi," anatero, n'kudutsa.

* * *

Pius anamupeza Idesi akugulitsa tomato pa msika wa Njuli. Mayiyo sanadzuke, sanamupatsenso mpando.

"Mwabwera kudzandiuza tsiku la mlandu?"

"Ayi. Ndimafuna ndifunse pang'ono. Malemu ankabwereketsa njinga yawo kwa anthu ofuna kujambulitsa?"

"Nanga pa Njuli pano ndani amajambulitsa chimanjamanja? Wina amabwereka wailesi, wina jekete, wina foni yopanda batire n'kuiika kukhutu. Njinga ya bambo a ana inali yatsopano, anthu ankaikonda."

"Ndiye ankabwereketsa."

"Ankabwereketsa."

"Bwanji simunanene mu Epulo?"

"Munandifunsa?" Idesi anasuntha mulu wa tomato umene unali utakhala kale bwino. "Inu munatembenuza chithunzi n'kundionetsa deti. Munati munthu tamupeza. Ine ndinakagona tulo koyamba tsiku limenelo. Tsopano mwabwera kudzandilanda ndi tulo tomwe?"

Pius anafunsa kumene kunali wojambula uja.

"Overtone? Ali uko ku bawo. Mukamupeze asanalawe mowa."

Anali atalawa kale. Overtone anali munthu wowonda, wa magalasi akuda ndi vesiti ya matumba ambirimbiri, ndipo pakamwa pake sipankauma. Atangoona Pius anayamba moni wautali ngati akulandira nduna, koma maso ali pa njira yothawira.

"Bwana wanga, bigimani weniweni. Tijambule kamodzi? Lero kuwala kuli bwino."

"Chithunzi ichi unajambula liti?"

"Aa, si tinamaliza zimenezo? Ndinanena mu sitetimenti. Ine ndimajambula n'kutsuka sabata yomweyo. Ekisipulesi. Funsani aliyense."

"Ndafunsa. Akuti umasunga zithunzi mpaka zikwane handiredi, ndiye ukwere minibasi kamodzi. Mayi wina uko akuti cha ubatizo wa mwana wake anachilandira mwanayo akuyenda."

Overtone anaseka, kuseka kopanda mnzake.

"Anthu a pa Njuli ndi nsanje, bwana."

"Bweretsa kamera."

Inali kamera yaing'ono yasiliva, yokutidwa m'sokosi. Pius sankadziwa zambiri za zinthu zimenezi, koma ankadziwa kuti makamera amakono amasunga tsiku ndi nthawi. Anamuuza Overtone kuti aiyatse. Pa kagalasi panatuluka 2006/01/01.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mmene imachitira. Mukachotsa mabatire imaiwala zonse, imabwerera pa Nyuwere."

"Ndiye umachotseranji mabatire?"

"Nanga mpira ndimvere chiyani, bwana? Mabatire ndi omwewo. Loweruka masana amapita mu wailesi, Lamulungu m'mawa amabwerera mu kamera kukajambula kutchalitchi."

Pius anatseka maso. Ndiye kuti zithunzi zonse za munthu uyu, maukwati, maliro, ubatizo, zinajambulidwa pa 1 Januwale 2006. Anatembenuza kamera ija. Pansi pake panali malo opalidwa ndi lezala mpaka kuyera.

"Apa panali nambala. Wapaliranji?"

Pakamwa pa Overtone panauma koyamba. Anavula magalasi, nayang'ana anzake a bawo, nakokera Pius kuseri kwa kanyumba kake. Kumeneko mawu anatuluka aang'ono. Kamera sinali yake. Bungwe lina lothandiza odwala linaipereka ku gulu la m'mudzi kuti azijambula ntchito zawo, ndipo iye, monga mlembi wa gulu, anauza anzake kuti inabedwa. Kuyambira pamenepo ankadyera yomweyo. Mu Epulo inayamba kuuma, ukadina osajambula, ndiye anaipititsa kwa okonza ku Limbe, komwenso amatsukitsa zithunzi.

"Epulo pa chiyani?"

"Sindikukumbuka, bwana. Ndikulumbira. Isanafike kapena itapita imfa ya Goliati, mutu wangawu sugwira madeti."

"Goliati analipo pamene unkajambula Alufeyo?"

"Mwina analipo. Ndimajambula anthu ambiri." Anapukuta magalasi ake ndi vesiti. "Ndinaopa, bwana. Ndikanatchula za okonza, mukanafuna risiti, pa risiti pali nambala, nambala ikanafika ku bungwe. Ine ndili ndi ana anayi."

"Alufeyo ali ndi awiri."

Overtone anayang'ana pansi. Pius anafuna kumumenya khofi, koma anakumbuka kuti amene anatembenuza chithunzi n'kuwerenga deti si Overtone. Umboni wa chidakwa chimene chinanama kale kamodzi sukanatulutsa munthu pa mlandu wakupha. Kamera inalibe deti, chithunzi chinalibe deti, mboni yokhayo inali kumanda.

"Okonzawo dzina lawo ndani?"

"Mtsikana wina, Dorothy. Kuseri kwa sitolo za nsalu, pafupi ndi siteji."

* * *

Loweruka sitoloyo anaipeza yotseka, eni ake atapita kumaliro. Lolemba anabwereranso pa minibasi, galimoto ya polisi ilibe mafuta. Anamupeza Dorothy, mayi wamng'ono thupi wa tsitsi lometa, atakhala pakati pa mawailesi ndi makamera otsegulidwa mimba. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

"Buku ndikhoza kukuonetsani," anatero. "Kompyuta ayi, pokhapokha mukhale ndi magetsi m'thumbamo."

M'buku la zokonza munali mzere wolembedwa bwino. Overtone, Njuli. Yalowa 9 Epulo. Yatuluka 16 Epulo. Pambali pake panali nambala ya manambala asanu ndi awiri, yoyamba ndi 6.

Pa 14 Epulo kamera inali pa shelefu ku Limbe. Koma Pius anali wapolisi, ndipo ankadziwa mmene loya wa boma angaphwasulire nkhani yotere.

"Adzanena kuti munthuyu anali ndi kamera ina sabata imeneyo. Kapena adzanena kuti anaitenga pa 16 m'mawa, n'kupita ku Njuli, n'kujambula, n'kubwerera kudzatsukitsa madzulo. Njuli si patali."

"Akhoza kunena," anatero Dorothy. "Koma chithunzi chimene chili m'kompyuta chimakhala ndi zolemba m'kati mwake, zimene pa pepala sizituluka. Ngati abwana anga sanafufute za Epulo, tidzaona. Mubwere mawa."

Mawa lake Pius sanabwere. Linali tsiku logawa makuponi a feteleza, ndipo mkulu wa polisi pa Boma, a Limbikani, anatumiza aliyense wovala nsapato kukaletsa ndewu pa mizere. Pius anayesa kufotokoza, koma bwanayo anangokweza dzanja.

"Munthu wakhala miyezi seveni, a Tikhala. Tsiku limodzi silimupha."

Choncho Lachiwiri lonse Pius anaima padzuwa pabwalo la sukulu, akulekanitsa azimayi okokerana mapepala, zithunzi ziwiri zili m'thumba mwake.

Lachitatu magetsi analipo. Dorothy anafufuza m'kompyuta kwa nthawi imene kwa Pius inali ngati chaka, akudandaula za abwana ake amene amasunga nyimbo m'malo mwa ntchito. Kenako anati, "Izi," ndipo nkhope za anthu a pa Njuli zinadzaza galasi lonse, zana limodzi ndi zisanu ndi zinayi. Alufeyo anali wa nambala 41, akumwetulira ndi njinga yake yobwereka.

Dorothy anadina penapake, pambali pa chithunzi n'kutuluka mizere ya zilembo zing'onozing'ono.

"Deti musaliyang'ane, ndi Nyuwere ya mabatire ija. Yang'anani apa. Iyi ndi nambala ya kamera imene inajambula. Mwini wake akhoza kupala pansi mpaka kubowola, koma kamera imadzilemba yokha m'chithunzi chilichonse. Werengani, ine ndiyang'ane m'buku."

Pius anawerenga nambala imodzi imodzi. Zonse zisanu ndi ziwiri zinagwirizana.

"Sikisi woyambayo ndi chaka chimene inapangidwa, 2006," anatero Dorothy. "Ndiye za kamera ina ziiwaleni. Ndi yomweyi."

"Nanga zoti anajambula pa 16 atangoitenga?"

"Mzere wapansiwo. Mukuona palembedwa 1.0?"

"Ndikuona."

"M'kati mwa kamera muli pulogalamu imene imaiyendetsa. Makamera a mtundu uwu opangidwa 2006 anatuluka ndi pulogalamu yoyamba, 1.0, ndipo inali ndi vuto: mukaika khadi lalikulu, kamera imauma. Opanga anatulutsa ina yokonza vutolo, 1.1. Ndi imene ndinaikamo ine. Onani m'buku, ndinalemba: 10 Epulo, 1.1. Ndinakaitenga ku intaneti ya pa kona apo, inandidyera ola lathunthu."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti kuyambira pa 10 Epulo, chithunzi chilichonse cha kamera iyi chimalembedwa 1.1. Yatsani muone."

Pius anatulutsa kamera m'sokosi muja, popeza anali atamulanda Overtone. Dorothy anamujambula ali chomwecho, nkhope yotopa, kolala yopindika, nalowetsa khadi m'kompyuta. Nambala inali yomweija. Pansi pake panali 1.1.

"Singabwerere ku yakale?"

"Mtundu uwu ayi. Ikakwera yakwera. Sindingakuuzeni kuti bamboyu anajambulidwa tsiku lanji, kaya Febuluwale kaya Malichi. Koma ndikhoza kuimirira pamaso pa aliyense kuti anajambulidwa kamera isanalowe muno pa 9 Epulo."

Goliati anali moyo pa 9 Epulo. Anali moyo pa 10, pa 11, akupalasa njinga yake ya khushoni yofiira, mpaka pa 14.

Dorothy anabwerera ku zithunzi zija, nasuntha kamodzi. Cha nambala 42 chinali chopendama, chojambulidwa mwangozi, chimene Overtone sanatsukitse n'komwe. Chinaonetsa theka la nsalu ya kumbuyo ndi tayala la njinga. M'mphepete mwake munali munthu wamfupi wa kapusi, akuseka, atanyamula jekete ya Alufeyo pa mkono kuti mnzake aoneke bwino m'malaya oyera.

Pius anamuzindikira. Anamuona komaliza ali m'ngalande.

Anakhala pansi pa kampando ka makasitomala. Dorothy anasindikiza mapepala atatu, nasaina, nadinda chidindo cha sitolo. Powapereka anamuyang'ana m'maso.

"Bamboyu ali kuti tsopano?"

"Kundende."

"Kuyambira liti?"

"Epulo."

"Ine ndakhala pompano masiku onsewa," anatero Dorothy. "Palibe anabwera kudzandifunsa."

* * *

A Limbikani anawerenga mapepala aja kawiri, magalasi ali pamphuno. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa.

"Wani poyinti ziro, wani poyinti wani. A Tikhala, mukuganiza kuti kuli woweruza amene amve zimenezi?"

"Mayiyo akuti adzabwera kudzafotokoza. Ndipo chithunzi chachiwiricho n'chosafuna sukulu."

"Doketi, fayilo ya mlanduwu, inachoka kuno mu Juni. Ili kwa maloya a boma. Tilemba kalata, iwo aiwerenge, ayankhe. Mukudziwa mmene zimayendera."

"Munthuyo akudwala, bwana."

"Tilemba kuti ndi yachangu." Bwanayo anavula magalasi. "Mukudziwanso kuti m'kalatamo mulowa dzina la amene anawerenga deti molakwika?"

"Lilowe."

Kalata inalembedwa tsiku lomwelo, n'kukhala pa tebulo kudikira galimoto yopita kumzinda. Pius sanadikire. Lachinayi m'mawa anakwera minibasi yoyamba, mapepala ali m'envulopu yomwe ija ya zithunzi za ukwati. M'njira yonse ankakonza mawu. Ankafuna kunena kuti pepani, koma ankafuna kuti pepaniyo ifike pamodzi ndi nkhani yabwino, kuti isamuwawe kwambiri poitchula.

Kundende msilikali wa pachipata anayendetsa chala m'kaundula wa a rimandi, nafika pansi, nayambiranso.

"Falesi, Falesi. Muno mulibe."

Pius anasendera pafupi ndi kaundula uja. "Wamwalira?"

"Dikirani." Msilikaliyo anatsegula buku lina. "Ayi, alipo. Wasamukira mbali inayi. Ndi mkaidi tsopano, mlandu wake unagamulidwa."

Anamubweretsa Alufeyo atavala yunifolomu yoyera ya akaidi, yomukulira ngati ya mkulu wake. Munthu wa pa chithunzi uja anali atatha. Masaya analowa, khosi linatsala mitsempha yokhayokha, ndipo anafika pa benchi atagwira khoma. Komabe anapereka moni mwaulemu, manja awiri.

"Mwatiyendera, bwana."

"A Falesi, chachitika n'chiyani? Mlandu wanu sunalowe m'khoti."

"Khoti linabwera konkuno Lachiwiri. Akuti akuchepetsa anthu a rimandi." Anatsokomola nthawi yaitali, napukuta pakamwa ndi mkono. "Sabata yatha kunabwera loya wothandiza osauka. Munthu wabwino, anatifotokozera bwinobwino. Anati ndikakana, ndidikira mwina zaka zitatu kuti mlandu ulowe, ndipo ndi chithunzi chija ndikhoza kupatsidwa moyo wonse. Koma ndikavomera kuti tinakangana, ndinamupha mosafuna, andipatsa zochepa. Ogamulidwa amawatumiza kundende ya kumunda. Akuti kumeneko kuli mpweya, anthu amagona chotambasula miyendo, mankhwala sadumphitsa."

"Ndiye munavomera."

"Zaka sikisi. Achotsapo miyezi imene ndakhala."

"Munauza woweruza kuti munapha Goliati?"

"Anandifunsa katatu ngati wina wandikakamiza. Ndinati ayi. Anafunsa za mwala, ndinati unali mwala. Anafunsa kumene ndinagulitsa njinga, ndinati kwa munthu wa ku Mozambiki, dzina sindikulidziwa." Anayesa kumwetulira. "Kunama sikuvuta, bwana. Ndinavutika ndi zoona miyezi seveni, bodza linatha mphindi teni."

Pius anatulutsa mapepala aja. Anafotokoza zonse mosalongosoka, za deti la kuseri, za mabatire a wailesi, za nambala ya kamera, za 1.0 ndi 1.1. Alufeyo ankangogwedeza mutu mwaulemu, zikuoneka kuti sakutolapo kanthu. Kenako Pius anamupatsa chithunzi cha nambala 42.

Alufeyo anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pa munthu wa kapusi uja.

"Goliati," anatero motsitsa. "Ankandiseka kuti ndakoka mimba ngati bwana wa esiteti. Anakana ndi fifite tambala yomwe, akuti ukawauze amayi kuti njinga ndi yako."

"Titha kuchita apilo. Ndilemba lipoti, ndinena kuti ndine ndinalakwitsa. Mayi wa ku Limbe adzaikira umboni."

"Apilo imatenga nthawi yaitali bwanji?"

Yankho lake onse awiri ankalidziwa. Munthu wokana mlandu, umboni watsopano umamuthandiza. Koma uyu anali atavomera ndi pakamwa pake, katatu, pamaso pa woweruza, mpaka kutchula mwala. Doketi ya Goliati Kalinde inali yotsekedwa, ndipo amene anamuphadi, kulikonse kumene anali, panalibenso womufunafuna.

"Munazidziwa liti zimenezi, bwana?"

Funsolo linalibe mkwiyo. Pius akanakonda likanakhala nawo.

"Ndinayamba kukayikira Lachisanu."

"Lachisanu." Alufeyo anawerenga pa zala zake zowonda. "Loya uja anandipatsa mpaka Lolemba kuti ndiganize. Ndinati ndidikire Nester. Lamulungu atabwera ndinamufunsa kuti a Tikhala akuti chiyani sabata ino. Ndinati m'mtima, akangonena kanthu kakang'ono, kaya kotani, ndikana, ndipirirabe."

Anabweza chithunzi chija ndi manja awiri.

"Anati mwati palibe chatsopano."

Msilikali anagogoda pa chitseko kuti nthawi yatha. Alufeyo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira khoma. Ali pakhomo anatembenuka.

"Nester sanamve. Sindinamuuze za loya, ndimaopa kuti andiletsa. Lamulungu akabwera mwina apeza atatisamutsa kale. Mukamuuze ndinu, bwana. Inu amakumverani."

* * *

Lachisanu kunacha ndi mitambo ya mvula yoyamba pamwamba pa phiri la Chiradzulu. Anthu ankathamangira kuminda ndi timatumba ta mbewu. Kalata yachangu ija inali ikadali pa tebulo la a Limbikani, galimoto isanapezeke.

Pius anafika mochedwa dala, koma Nester anali pa benchi paja, kathumba ka ufa wokazinga kali pamiyendo, kokapereka Lamulungu. Ataona wapolisiyo anaimirira monga mwa masiku onse, nafumbata chitenje pachifuwa.

"Bwana, pali chatsopano?"

M'thumba la kumanja Pius anali ndi mapepala otsimikiza kuti mwamuna wa mayiyu sanaphe munthu. Zinazo, zoti mwamunayo anavomera kale mlandu, zinalibe pepala. Anayang'ana chitseko cha ofesi yake, chimene chinali chotsegula, masitepe atatu okha kuchokera pamene anaima. Kenako anavula chipewa, nakhala pa benchi ija, pamene sanakhalepo chiyambire Epulo.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Chilipo. Chinalipo ndi Lachisanu lapita."